Dzanja la Ermelinda pa Variyadolo

Seti ora, 7 koloko m'mawa, inamupeza Ermelinda akupukuta fumbi pa tebulo la amuna ake, dzuwa litayamba kale kuwotcha malata. Tebulolo si lake, koma kwa zaka zinayi wolipukuta ndi iyeyo, ndipo ku Matema konse, dera lawo la mumzinda wa Tete, palibe akudziwa.

Amuna akewo, a Orlando, anachoka ku Tsangano kudzagwira ntchito ya magetsi kumgodi wa malasha ku Moatize. Ntchito itatha, manja nawo anayamba kunjenjemera. Chinawatsalira ndi mawailesi akale amene ankatola kumsika, komanso variyadolo, chitsulo cholemera ngati kamtondo, chokhala ndi chopotokola pamwamba chokwezera magetsi pang'onopang'ono.

"Wailesi yogona zaka ili ngati wodwala," ankatero. "Sumuyambira ndi mbale yodzaza."

Poti manja awo sankakhazikika, wopotokola anali Ermelinda. Ankaima pambali pawo, nyemba zili pamoto, iwo akuyang'ana muvi wa mita n'kumawerenga manambala m'Chipwitikizi.

"Vinti... imani. Kwarenta... Amake Lara, pang'onotu, si chigayo chimenecho!"

Wailesi ikalankhula, anthu ankayamika mesitiri Orlando. Iye ankabwerera ku nyemba zake.

Mwezi watha a Orlando anatulutsa wailesi ya malemu achimwene awo, imene anaisunga zaka khumi osayerekeza kuiyatsa. Ermelinda akupotokola, muvi utafika pa sesenta, makumi asanu ndi limodzi, panja panamveka mfuu: "Madzi abwera!" Mpopi unali utauma masiku atatu. Ermelinda anamva zidebe za anzake zikugundana, mtima unathamangira kumzere, dzanja n'kupotokola mpaka kumapeto. Phu! Kautsi konunkha kanatuluka kumbuyo kwa wailesi.

A Orlando sanakalipe. Bola akanakalipa. Anazimitsa magetsi n'kukagona. Kuyambira tsikulo sanagwirenso chida chilichonse. Amangoyang'ana khoma, phala amasiya theka, ndipo malaya ayamba kuwakulira. Kuchipatala akuti sakuona matenda atsopano.

Ermelinda sankakhulupirira kuti pali chimene chingawadzutse, koma atatha kupukuta anapitabe kumpanda, kumene vizinya wake, mnansi Cecília, ankayanika zovala.

"Vizinya, wailesi yanu yakufa ija munataya?"

"Ija? Nkhuku yanga yaisandutsa chogonera! Mukuifuniranji?"

"Muichotse manyiwo, mubwere nayo masana. Muwauze amuna anga kuti mwazungulira Tete yense, palibe amene waitha."

"Nanga akakana?"

"Akana ndithu. Inu mungoisiya pakhonde, mawa mudzafunsenso. Koma chonde, zoti ndakutumani ndine asadziwe."