Sopo wa pa Okala Yanga

Amene anandilakwira ndi achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi. Anabweretsa anzawo a ku yunivesite pa okala yanga ku Nsaru, n'kundiimika pamaso pawo ngati chitsanzo cha munthu wosadziwa kuyendetsa bizinesi, ndipo sanawauze kuti ndine mng'ono wawo.

Ine sukulu ndinalekera Fomu 2. Bambo atamwalira, amayi anati fodya wawo sangaphunzitse ana awiri. Achimwene ndiwo ankakhoza bwino, ndiye panalibe zokambirana. Sindinalirenso kwambiri. Aphunzitsi anali atatopa nane poti ndine wamtima wapachala, inenso ndinali nditatopa nawo. Ndinasoka fodya m'maesiteti, ndinapalasa kabaza mpaka miyendo kuuma, kenako ndinakhoma kaokala ka matabwa pafupi ndi chigayo. Ndinkagulitsa sopo, shuga, mchere, machesi, mafuta oyeza ndi tinthu tina.

Achimwene atasankhidwa kukaphunzira za bizinesi, mudzi wonse unasangalala, ine ndemwe. Tchuthi chikatha, amayi ankabwera pa okala ndi chikwama chobiriwira, amati mwana asakachite manyazi pakati pa ana a m'tauni. Ndinkaikamo sopo wochapira, wosambira, shuga, mafuta odzola. Akachoka ndinkatalikitsa mapaketi otsalawo pa shelefu kuti mipata isaoneke. Zaka zonse zija zinali choncho, ndipo okala sinakule.

Chaka chawo chomaliza, pa tchuthi, achimwene anayamba kumakhala pa benchi ya pa okala tsiku lonse. Ankandifunsa komwe ndimapikula katundu, momwe ndimaikira mitengo, ndi chifukwa chimene shelefu imakhalira yopanda kanthu. Anati ndi kafukufuku wa kusukulu. Ndinawayankha zonse osabisa. Kunena zoona zinandikoma, chifukwa chiyambire anali asanandifunsepo kanthu kokhudza ntchito yanga. Mumtima ndinayamba kumanga holoselo ya awirife, iwo muofesi, ine pa kauntala.

Patapita nthawi anaimba foni kuti akubwera Loweruka ndi anzawo komanso mphunzitsi wawo, ndipo ndisasinthe chilichonse pa okala. Amayi atamva anafulula thobwa, anapha tambala, anabwereka mipando ya pulasitiki ku tchalitchi.

Minibasi inafika dzuwa lili pamutu. Anatsika anyamata ndi atsikana onunkhira bwino, mafoni m'manja, kujambula okala, kujambula shelefu, kujambula ine. Achimwene anaima pakhomo n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi. Chingerezi changa n'cha Fomu 2, koma chinakwana kuti ndimve. Anati uyu ndi mmodzi wa anthu amene anawafunsa mafunso m'derali. Anati vuto la bizinesi zotere n'loti eni ake sasiyanitsa bizinesi ndi chibale, abale amangotola katundu pa shelefu, ndipo mwini wake, poti sanaphunzire, sadziwa kukana. Mphunzitsi uja ankangogwedeza mutu kuvomereza.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Abambo, tawauzani alendowa kuti bizinesi yanuyi munayamba liti."

Chibadwire amanditchula kuti iwe. Tsiku limenelo ndinasanduka abambo.

Mtsikana wina, mwaulemu ndithu, anandifunsa kuti kodi bwanji sindiwakaniza abalewo. Ndinayang'ana achimwene. Iwo ankayang'ana chigayo. Anthu a pa Nsaru amene anaunjikana kudzaonerera ankadikira kuti ndiswe kanthu, chifukwa amandidziwa. Koma mkwiyo sunabwere. Ndinangomva thupi lonse kulemera ngati ndachokera ku munda. Ndinamuyankha mtsikanayo kuti n'zovuta, basi.

Minibasi inanyamuka osadzera kunyumba. Achimwene anati nthawi yawathera. Tambala uja tinadya awiri ndi amayi, thobwa tinagawira oyandikana nawo, mipando ndinabweza ku tchalitchi pa njinga. Amayi anandifunsa momwe zinayendera, ndinati zinayenda bwino. Masabata otsatira ndinkangotsegula okala n'kukhala, makasitomala ena n'kumandiseka kuti abambo a pa chithunzi.

Achimwene anabweranso teremu yomaliza isanayambe. Anafika pa okala m'mawa ndikusesa, chikwama chobiriwira chili m'manja, poti amayi miyendo inali itayamba kuwavuta. Anali osangalala. Anati kafukufuku uja anamuyamikira kwambiri. Ataona kuti ndikungopitiriza kusesa, anakhala pa benchi n'kundifotokozera mofatsa kuti ndisatengere kumtima. Akanati ndine m'bale wawo, akuluakulu akanati kafukufukuyo ndi wokondera, mwina akanamukana. Anati ndi mmene zimayendera kusukulu zapamwamba, sindingamvetse. Anati akadzayamba ntchito zonse zidzakhala bwino.

Mwina ankanena zoona, sindikudziwa malamulo a kumeneko. Koma ngakhale pokwera minibasi, zolemba zitatha, akanatha kungondigwira paphewa n'kuuza mnzawo mmodzi yekha.

Atamaliza kulankhula anandipatsira chikwama chija pa kauntala, monga ankachitira amayi nthawi zonse. Ndinachilandira. Ndinaikamo sopo wochapira, wosambira, shuga, mafuta odzola. Ndinatseka zipi, koma sindinachisiye m'manja. Sindinakweze mawu, mphamvu zake ndinalibe.

"Tengani, achimwene, mukasambe. Koma mukafika mukawauze anzanu aja, ndi mphunzitsi wanu yemwe, kuti m'bale wotola katundu pa shelefu uja ndinu, ndipo abambo osadziwa kukana aja ndi mng'ono wanu. Mukalephera zimenezo, chikwama ichi chisadzafikenso pano, ndipo inenso muzingonditchula abambo mpaka kalekale."