Mapiritsi m'bokosi la machesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene achipatala anawapeza bambo anga ndi matenda othamanga magazi. Anabwerako ndi kathumba ka mapiritsi oyera, atauzidwa kuti azimwa limodzi m'mawa uliwonse moyo wawo wonse. Poti ine ndinali sitandade faifi ndipo ndinkadziwa kuwerenga, amayi anandipatsa udindo. "Tadala, iwe ndiwe nesi wawo," anatero. Ine ndi matama anga ntchitoyo ndinailandira ndi manja awiri.

Kwathu ku Kaomba bambo anali mkamwini. Munda wa fodya unali wa agogo, amayi awo a amayi, ndipo nyengo yothyola tonse tinkakhala m'munda umodzi mame asanakamuke. Bambo ndi apongozi awowo ankapewana monga mwa mwambo. Sankadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira bambo ankapatuka, maso ali pansi.

M'mawa uliwonse ndinkawapatsa piritsi ndi kapu ya madzi. Ankaponya dzanja kukamwa, n'kumwa madzi, n'kundiyasamira kuti ndione. Ndinkauza amayi monyadira kuti amwa.

Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa chingwe chinatithera. Nditakwera pa mtanda kuti nditenge china, dzanja langa lomata utomoni wa fodya linakhudza bokosi la machesi. Kutsegula, mayo ine, mapiritsi okhaokha, ena atachita kuda ndi utsi ndi fumbi.

Mutu wanga unaima. Bambo sanali munthu wodana ndi chipatala. Ndi iwo ankatikokera ku katemera tikulira. Kwa asing'anga sankapondako, anali mkulu wa mpingo. Nanga bwanji? Kodi ankafuna kufa? Kodi anatopa nafe? Kapena ine ndi amene ndinkalakwitsa kaperekedwe? Madzulo ake ndinawapeza okha akusanja mikangala yopachikapo fodya, n'kuwaonetsa bokosilo.

"Bwezera pamene walipeza," anatero osandiyang'ana. "Ndipo amako asamve."

Ndinabwezera. M'mawa mwake ndinawapatsanso piritsi, iwo n'kuyasama, ine n'kukauza amayi kuti amwa. Ndinkadziuza kuti mwina akuluakulu amadziwa zimene ana sitidziwa. Koma ndikawaona akutsina pamphumi dzuwa likatentha, ndinkakumbukira bokosi lija.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo yothyola, anagwa pakati pa mizere. Dzanja ndi mwendo wamanzere zinafa, pakamwa panapotoka. Kuchipatala adokotala atafunsa za mankhwala, amayi anayankha molimba mtima kuti, "Amamwa tsiku lililonse. Mwanayu ndi mboni." Onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Papita zaka zambiri. Panopa ndikuchita digiri yachiwiri, kuphunzira mmene maganizo a munthu, mantha ake ndi manyazi ake zimakhudzira thanzi lake. Aphunzitsi atatituma kukacheza ndi wodwala amene anasiya mankhwala, anzanga anapita m'mawodi. Ine ndinakwera minibasi ya ku Kasungu. Ndinawapeza bambo pakhonde, ndodo yawo ili pambali, ndipo ndinafunsa funso limene ndinalisunga kuyambira tsiku la m'chigafa lija.

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Aja ankandikodzetsa, mwanawe. Ukamwa, ola lisanathe wathamangira kutchire. Ndiye agogo ako ali mzere wachiwiri apo, azindiona ndikupita kutchire kanayi, kasanu? Ine mkamwini?"

"Bambo, zomwezo basi? Mukanawauza achipatala, akanakusinthirani."

"Anandifunsa ndani? Ankangoti, mukumwa? Ine n'kuti eya."

Ndinatseka kope langa. Ndinapsa mtima, ndinafuna kuseka, misozi nayo inali pafupi. Ndinakumbukira kuti bambo atagwa, amayi ankakhala kumunda tsiku lonse, ndipo amene ankawatayira ndowa yodzithandiziramo ndi kuwachapira zofunda anali agogo omwewo, mpaka pamene anamwalira.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ine ndi achipatala tinkafunsa funso limodzi, ndipo funsolo silinali lothandiza. Tonse tinkayang'ana m'kamwa mwa bambo, osafunsa kuti piritsilo likuwachititsa chiyani akafika kumunda. Izi ndikhoza kuzilemba bwino pa mayeso. Koma zoti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi uja anayenera kumvera bambo ake kapena kuthamangira kwa amayi ndi bokosi lija, mabuku anga onse sanandiyankhe.

Pamene ndinkatsanzika, amayi anandiperekeza mpaka kumsewu, akuuza aliyense amene tinkakumana naye kuti uyu ndi nesi wa bambo ake uja, sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinangogwedezanso mutu.