Mzere Wachikasu wa a Dalaivala

Tonse m'chipatala muno timawatcha a Dalaivala, ngakhale laisensi sanaionepo. Ntchito yawo ndi kukankha machira a mateyala kuchoka ku wodi kupita ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ndipo kwa zaka makumi awiri akhala akuliza hutala ya pakamwa: "Pipiii! Patukani, inu abwinobwino!" Ine ndine namwino, ndawapirira zaka zonsezi.

Njira ya ku fiyeta ndi yolunjika, koma iwo ankazungulira kuseri kwa famase kuti adutse pa benchi yodikirirapo achibale. Akafika pamenepo teyala linkavuta, tsiku lililonse. Ankawerama n'kumaligwiragwira mpaka wodwala atagwirana chanza ndi anthu ake.

Kenako kunabwera bwana watsopano, wa tayi ndi wotchi m'manja, ndi chiphunzitso chothetsa kutaya nthawi. Zina anatithandizadi, ndisaname, magolovesi tinasiya kukawapempha m'mawodi a eni. Koma tsiku lina anawalondola a Dalaivala akuwerenga mapazi awo, n'kumata tepi yachikasu pansi.

"Madala, ulendo uliwonse mukutaya mapazi mazana awiri," anatero bwanayo. "Muziyenda pa mzerewu. Mukaphonya, ndikulemberani kalata yochenjeza, ndipo yachitatu ndi yotsanzikana."

Sabata isanathe a Dalaivala analandira makalata awiri, chonsecho kutatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Anagonja, hutala inazima. Zinandiwawa, ngakhale sindinawauze.

Mwezi wotsatira bwana anadzipinda mu ofesi atagwira pamimba. Adokotala anati ndi apendikisi, opaleshoni lero lomwe. Ndinamuveka ndekha chovala chotsegula kumbuyo chija. A Dalaivala anakankha machira motsata mzere, liwiro la ambulansi, ine ndikuthamanga pambuyo ndi fayilo.

Pa mphambano bwana anawagwira mkono.

"Madala, akazi anga ali pa benchi paja."

"Mapazi mazana awiri, bwana."

"Chonde, madala."

"Nanga kalata yachitatuyo mulemba chogona?"

A Dalaivala anakhota. "Pipiii!" Pa benchi teyala linavuta kwambiri tsiku limenelo.

Atachira, bwana anabwera ndi tepi yake akuyenda chowerama. Anamatula mzere uja n'kuudutsitsa pa benchi, pomwe anamata kabokosi kolembedwa kuti: "Imani apa mphindi ziwiri."

A Dalaivala anawerenga, n'kupukusa mutu.

"Ziwiri? Eni akewo anadya zisanu."