Mano Oyeserera a Shehata Wokazinga Nthanga

A Shehata akhala akukazinga nthanga kwa zaka makumi anayi ndi zinayi m'kasitolo kopanikizika kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Tanta. Adabwera kuchokera kumudzi ali mnyamata, nayamba ndi kusefa mchenga wokazingira. Mwini malo, ataona kuti mnyamatayo saba, adawapatsa mwana wake wamkazi, ndipo pomwalira adawasiyiranso chiwaya ndi sikelo. Mkaziyo naye adatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Samah, adakwatiwa ku Alexandria, ndiye bambowa amakhala okha m'chipinda cha pamwamba pa sitoloyo.

Ntchito yawo ndi ya mano. Nthanga ya mpendadzuwa kapena ya dzungu sudziwa kuti yapsa poiyang'ana. Umaitola mumchenga wotentha, kuiika pa dzino lakutsogolo, kuiswa, n'kumva mmene yalirira. Pa zaka zonsezi dzino lakumanja lidaperepeseka mpaka kukhala ndi kamphako koti nthanga imangokhalamo bwinobwino. Tiyi wakuda ndi fodya zidamaliza ntchito yotsala, kotero kuti m'kamwa monsemo mudasanduka mtundu wa mtedza wopserera.

Izi sizikadakhala nkhani pakadapanda Umm Hany, mayi wamasiye wa pansanjika yachitatu ya nyumba yosanja yoyang'anizana ndi sitoloyo. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka amatsika kudzagula kathumba ka nthanga, ndipo adachita zimenezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. A Shehata amawakonda mayiwa, chikondi chenicheni chosagonetsa tulo, koma amaopa koopsa. Mayiwa akafika, iwo amatsitsa ndevu za pamlomo, kuyankhula ngati munthu wobisa chakudya m'tsaya, kuyeza, kuwonjezera pang'ono, basi. Munthu wamkulu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu adadziuza kuti chomwe chimamutseka pakamwa ndi mano, osati mantha. Ife amuna ndife akatswiri popeza poloza chala.

Adayamba ndi chipatala cha boma, poti ndiko kotchipa. Atakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, dokotala adasuzumira m'kamwamo kamodzi kokha.

"Likupweteka?"

"Ayi."

"Likugwedera?"

"Ayi, adokotala."

"Ndiye mwadzatani, bambo? Kuno timazula ndi kumata. Zokongola n'za olipira. Wotsatira!"

Kwa olipirako kudali kozizira, konunkhira, mpando wogona ngati wa mwana wa mfumu. Dokotala wake, mnyamata wa tsitsi lopesa bwino, adawatcha Hagg, dzina laulemu la munthu wochita ulendo wa ku Makka, ngakhale kuti a Shehata ku Makka sanapondeko. Adati mano asanu ndi atatu akutsogolo awapala pang'ono n'kumatapo timapale toyera, dzino lililonse mapaundi zikwi zisanu ndi chimodzi. Adaonjeza, ngati nkhani yaing'ono, kuti dzino ukalipala silimeranso, ndipo kuti nthanga asadzaswerenso kutsogolo.

"Nanga ndizidzaswa ndi chiyani?"

"Ndi zala, Hagg."

A Shehata adayang'ana zala zawo, nayang'ana dokotalayo, namumvera chisoni. Koma mnyamatayo ntchito yake amaidziwa. Adati asafulumire kuganiza: awamatira mano apulasitiki oyeserera pamwamba pa awowo, osapala kanthu, ayende nawo masiku atatu, ndipo Lachitatu folo koloko abwere ndi yankho. Atawamatira n'kuwapatsa kalilole, a Shehata adaona munthu yemwe akadatha kufunsira ngakhale mlongo wa bwanamkubwa. Ndalama idalipo, ya kamunda ka makolo komwe adagulitsa, yomwe amasungira ulendo wa ku Makka.

Woyamba kuwaona adali Girgis wosita zovala, mnzawo wa khomo loyandikana kwa zaka makumi atatu. Adaika simbi pansi, naphimba maso ndi dzanja.

"Iwe Shehata, zimitsa nyaliyo, kunja kwacha kale!"

"Usandisokoneze, ndi oyeserera chabe."

"Ndipo ukulavula malovu ukamayankhula. Tandiuza, wamng'onoyo ali ndi zaka zingati? Wamaliza sukulu koma?"

"Wamng'ono uti?"

"Usandipusitse ine. Ndalama ya ku Makka ukufuna kuiika m'kamwa chifukwa cha nkhalamba inzako?"

Apa m'pamene a Shehata adalakwitsa mawerengedwe. Mumsewu mwathu aliyense amadziwa kuti bambo wa imvi akadetsa ndevu kapena kuyeretsa mano, ndiye kuti akufuna kamtsikana. Palibe amafunsa, ndi zodziwikiratu. Pofika masana, amayi omwe sanagulepo nthanga chibadwire adayamba kufika, aliyense ndi mwana wake wamkazi wodzola bwino, kugula kathumba ka ndalama yochepetsetsa n'kuima nthawi yaitali. Mmodzi adachita kunena kuti wake amaphika mpunga wosamatana ndipo sayankha akulu.

Dzuwa litapendeka Umm Hany adatsika monga mwa masiku onse. A Shehata adakweza ndevu, naonetsa mano onse asanu ndi atatu nthawi imodzi. Mayiwa adayang'ana manowo, nayang'ana atsikana awiri omwe adali pambali, naika ndalama pa sikelo.

"Zabwino zonse, Abu Samah," adatero powatcha bambo a Samah, natembenuka.

A Shehata adamva ngati awayamikira, ndipo tsiku lonselo adayenda mothimbwidzika.

Mawa lake zinthu zidaipa. Nthanga amaziyesa ndi zala monga adawauzira dokotala, ndipo chiwaya choyamba chidatuluka chosapsa, chachiwiri chopserera. Woyendetsa takisi wina adabweza kathumba, nafunsa ngati sitoloyo yagulidwa ndi munthu wina. Izo akadapirira. Chomwe sadapirire n'chakuti dzuwa lidapendeka, mthunzi udafika pakhomo, Umm Hany osatsika. Mazenera a Umm Hany adali chitsekere. Girgis, yemwe mkazi wake amamva zonse za m'nyumba yosanjayo, adawauza mosazungulira kuti mayiwa auza anzawo kuti nthanga asiya.

Lachitatu a Shehata adakatenga ndalama ku positi, naiika m'thumba lam'kati, nakhala pakhomo osayatsa moto. Mtima udali pawiri. Kulipira kumatanthauza kusiya ulendo wa ku Makka ndi kuluza dzino lomwe lawadyetsa moyo wonse. Kusalipira kumatanthauza kubwerera ku ndevu zotsitsa zija. Ndipo mwini nkhani yonseyo adali atatseka zenera. Kukagogoda pakhomo la mayi wamasiye uli wekha, zimenezo kwathu sizichitika.

Itangokwana thili koloko, wogulitsa buledi adadutsa pa njinga akuitanira. Zenera lija lidatseguka, ndipo dengu lidatsika pa chingwe monga amachitira amayi onse a m'mwamba. A Shehata sakumbukira kuti adawoloka bwanji msewu. Adangozindikira atagwira dengulo ndi manja awiri, wabuledi atayasama.

"Siyani dengu langa, Abu Samah!"

"Sindisiya! Bwanji simukubwera?"

Kuchokera pansi kufika pansanjika yachitatu munthu sunong'ona. Mazenera ena adayamba kutseguka limodzilimodzi, ndipo Girgis adatuluka simbi ili m'manja.

"Pamzere panu pachuluka atsikana," adayankha mayiwa. "Ine miyendo yanga siyolimbirana ndi ana."

"Atsikana ake ati? Manowa ndi anu, Umm Hany! Ndi anu!"

Mayiwa adagwira chitsulo cha pakhonde, nasuzumira pansi kwa nthawi ndithu.

"Anga? Ndidakutumani ine?"

"Ndimati mwina... ndi aja akale aja... simungandiyang'ane kawiri."

"Mulungu andipatse chipiriro! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutsika masitepe makumi asanu kudzagula nthanga, ine munthu woletsedwa mchere ndi adokotala. Nkhunda za padenga pano zanenepa mpaka zikulephera kuuluka. Mumati ndimadzaona chiyani, sikelo? Ndakhala ndikudikira mawu, inu mukundibweretsera mano!"

Mayi wina wa pansanjika yachiwiri adayamba kululuta, mnzake namugwira pakamwa kuti amve zotsala. A Shehata maso adadzadza misozi pamaso pa anthu onsewo. Zaka zisanu ndi chimodzi zidawapweteka nthawi imodzi, poganiza kuti adazitaya okha.

"Lachisanu mupite ku Mahalla mukaonane ndi achimwene anga," adatero Umm Hany, mawu atafewa tsopano. "Koma mupite ndi mano anu enieni. Achimwenewo akakaona apulasitikiwo adzati ndinu mwini fakitale, ndipo golide wa chiwongo yemwe adzatchule tidzafa tonse tikumudikira. Tsopano siyani dengu, buledi akuzizira."

Adasiya. Girgis adabwerera m'kati akutukwana, poti malaya a kasitomala omwe adawasiya pafupi ndi makala adali atapsa kolala.

Folo koloko a Shehata adakhala pampando wogona uja, ndalama ili m'thumba momwemo. Dokotala adali atayala kale zida zake zopalira, akusisita manja.

"Tiyambe, Hagg?"

"Chotsani apulasitikiwa, mwana wanga."

Mnyamatayo nkhope idagwa. "Simunawakonde?"

"Ine ndinawakonda kwambiri," adatero a Shehata, nayasama. "Mwini wake wakana."