Maphunziro Khumi a Abambo Anga

Abambo anga sanalowepo m'kalasi, koma pa nkhani ya sukulu yanga iwo ndiwo anali nduna ya zamaphunziro. Unyamata wawo wonse unathera ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi jekete lolemera, chipewa, ndi nzeru imodzi yokha, yoti mwamuna amadziwika ndi katundu amene wasenza. Kwathu ku Tsangano nzeru imeneyi imagwira ntchito ndithu. Thumba la kachewere timalidzaza mpaka kukamwa, n'kusokereranso chigamba pamwamba kuti mulowe wina, ndipo wogula akaona latupa amamwetulira. Abambo ankakhulupirira kuti ku yunivesite ana amawasankhanso choncho, mochita kunyamula n'kumva kulemera.

Ine yunivesiteyo ndinkaifuna koopsa. Pamtundu pathu panalibe anapitako, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaiphonya, khasu likundidikira. Zobwereza kalasi kwathu kunalibe, pambuyo panga panali mzere wa azing'ono anga.

Nthawiyo matipate inali itabwera, aliyense akufuula za ufulu, koma ufuluwo uyenera kuti unatsika basi pa Biriwiri, chifukwa kunyumba kwathu sunafike. Nditalowa fomu 3, sabata yosankha maphunziro, abambo anavala jekete lawo n'kundiperekeza kwa ahedi ngati ndikukalembetsa sitandade 1.

"Maphunziro alipo angati pasukulu pano?" anafunsa.

Ahedi, munthu wofatsa, anafotokoza kuti mwana atenge asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu basi. Anati ku yunivesite amangoyang'ana asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala momwemo.

"Zimenezo n'za ana a anthu aulesi," anatero abambo. "Uyu mum'patse onse. Ovutawo ndiye muyambire."

Basitu, ndinatuluka mu ofesimo nditasenza khumi. Munali Fizikosayansi, pasukulu yopanda labu, pomwe asidi tinkamuona atajambulidwa ndi choko pabolodi. Munalinso masamu apamwamba aja ankati Adishono, amene tinkaphunzira anthu okwana pabenchi imodzi, mphunzitsi wake akutitsogola ndi tsamba limodzi lokha. Abambo dzina la Adishono linawakomera zedi. Ankalitchula pamaliro, kutchalitchi, ngakhale podikira lole ya kachewere.

Kwathu kunkakhalanso msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume a ku Mlangeni, ndipo tinali kalasi imodzi. Iyeyo anatenga asanu ndi awiri, n'kumapezanso nthawi yoluka tsitsi. Akandiona ndikubwera chikwama chitandipinda msana ankayamba zachisuweni zake.

"Amuna anga, mabuku onsewa mukukagulitsa kumsika? Bulu wa ngolo amapumako, inu ayi?"

Ndinkamuyankha kuti aseke lero, mawa adzandichapira malaya ndili injiniya. Ha, pakamwa panga!

Tili fomu 4, mphunzitsi wa Chingerezi anayamba kuphunzitsa mwapadera Loweruka m'mawa, chifukwa chimangirizo chathu chinkamuliza. Wa Adishono naye anasankha nthawi yomweyo. Ndinakafunsa abambo kuti ndipite kuti, ngati kuti yankho sindinkalidziwa.

"Chingerezi n'chophunzira chimenecho? Ine ndalankhula ndi azungu pansi pa nthaka popanda buku!"

Chingerezi chawocho ndinkachidziwa bwino. Chinali cha mawu atatu, awiri mwa iwo otukwana. Koma ndani akanawauza? Msuweni wanga ankapita ku Chingerezi, ine ku Adishono, kukasakasaka x amene mpaka lero sindikudziwa anatayika bwanji.

Zotsatira zitatuluka, ndinakhoza onse khumi. Adishono ndinakhoza bwino kuposa mmene aphunzitsi ake ankayembekezera. Koma Chingerezi ndinangodutsa chokwawa, pasi wamba, osati kirediti imene yunivesite imafuna. Nditangoona, ndinadziwa kuti zavuta. Abambo ndiye anazungulira msika wonse wa Tsangano, mpaka kuwoloka msewu kukauza anzawo a ku Mozambiki kuti mwana wawo wagwetsa khumi. Ndinayesa kuwafotokozera, iwo anati ndisiye mantha a chikazi.

Amantha a chikaziwo ndi amene anasankhidwa. Msuweni wanga anapita ku yunivesite ndi maphunziro ake asanu ndi awiri, tsitsi lili lolukaluka. Tsiku limene tinamva, sanandiseke. Anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe chake chonse.

Abambo anati boma lalakwitsa kuwerenga. M'mawa mwake tinali kwa ahedi, ine ndili pambuyo, manyazi atandigwira. Ahedi anafotokozanso zomwe ananena kale zija, pang'onopang'ono, osawonjezera n'kamodzi komwe kuti "ndinakuuzani".

Abambo anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu ngati ali pamalonda.

"Ahedi, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Mwati amafuna asanu ndi limodzi. Uyu ali ndi khumi, anayi ndi otsala. Tengani anayiwo, Adishono yemwe mutenge, mum'patse Chingerezi chimodzicho."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kuti nthaka ing'ambike ndilowe. Ahedi sanaseke. Anati mayeso sasinthanitsa, ndipo ngakhale iwo alibe mphamvu pa zimenezo.

Apo abambo anatsika pampando. Munthu amene sindinamuonepo akupepesa aliyense, ngakhale amayi, anagwada pasimenti ya mu ofesi muja.

"Mwanayu sanalakwe, bwana. Ankafuna kupita ku Chingerezi, ndinam'letsa ndine. Lembani kuti walephera ndine, iyeyu apite."

Ahedi anadzuka n'kuwagwira mkono kuti aimirire. Anati, "Pepani bambo, poti ndilembe zimenezo palibe."

Abambowo ndinali nditawakwiyira kwa miyezi, ndipo ndinali nditakonza mawu oti ndidzawalase nawo tsiku lina. Panjira yobwerera mawuwo anandithawa. Abambo ankayenda patsogolo, ine pambuyo, mpaka tinafika pamunda wathu wa kumtunda, pomwe amayi ankapalira. Amayi anaweramuka n'kufunsa kuti zayenda bwanji. Abambo anatola khasu limene linali pamzere, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, koma kundipatsa kunawakanika. Ndinachita kulitenga ndekha m'manja mwawo.