Galawo wa pa Jekete ya Abambo

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Ogasiti, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, pamene abambo anga anasiya kupuma. Ndinayang'ana wotchi chifukwa ndinalibe china chochita. Kunja, pa mathandala a ku Chiwanga, anthu anapitiriza kutembenuza usipa. Ndinawatseka maso, ndinawamanga chibwano ndi kansalu, kenako ndinapita kuseri kukauza mlongo wanga amene ankatsuka mbale. Iye analira. Ine ndinaima pambali pake mpaka anansi anafika.

Abambo anali kingi wa gulu la mganda la m'mudzi mwathu kuyambira ndili mwana. Gulu likamavina, onse atavala zoyera, malipenga a zikho akulira, iwo ankayenda kutsogolo ndodo ili m'khwapa. Chowasiyanitsa ndi anzawo chinali galawo, chingwe chachikasu cholukidwa ndi ulusi wonyezimira, chimene chinkadutsa m'mapewa n'kupanga mfundo zitatu zopiringizika pa mkono uliwonse wa jekete. Ankanena kuti agogo, atate awo, anaona mfundozo m'buku la kumishoni, pa chithunzi cha akuluakulu a asilikali a nkhondo zakalekale, ndipo anazijambula pa mchenga mpaka anazidziwa pamtima. Chingwecho anakachipeza ku Likoma. Agogo atakalamba chinachoka pa jekete yawo n'kupita pa ya abambo. Mwambo wake ndi umenewo: jekete ndi ya munthu, galawo ndi wa gulu.

Ine sindinavinepo. Ndinapita ku sekondale ku Lichinga, ndinabwerako nditavala magalasi, ndipo mpaka lero ndimaphunzitsa ana ku Lunho.

Kutatsala sabata imodzi kuti amwalire, tili awiri m'chipinda, anandigwira dzanja.

"Mudzandiike ndi jekete yanga, galawo ali pomwepo."

"Nanga gulu?"

"Gulu liti? Ana ovina atavala malaya a mpira aja?"

Ndinavomera. Panalibe wina amene anamva.

Amalume, mchimwene wa malemu amayi, anafika dzuwa likadalipo. Ndiwo ankaimba ng'oma m'gululo, zaka zonse ali kumbuyo kwa abambo. Analowa kukaona mtembo, anakhalamo pang'ono, potuluka anandikodola. Tinapita pansi pa mtengo wa mango.

"Mphwanga, bokosi la zovala za gule la mlamu wanga lili kuti?"

Ndinawauza zimene ndinalonjeza.

"Ngakhale atagona chomwechi akufunabe kutilamula. Tulutsa bokosilo tione."

Ndinalitulutsa. Jekete inali pamwamba, yochapidwa, youmitsidwa ndi phala la chinangwa, yosita bwino. Koma inali yoyera yokhayokha. Galawo anali pakona, wozengedwa m'chitini cha tiyi. Apo m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinkachiona chaka ndi chaka osachilabadira. Galawo salowa m'madzi, amasuluka n'kuthimbiriritsa nsalu. Gule akatha abambo ankamusomola ndi lezala, ankachapa jekete, ndipo gule wina akayandikira ankamusokereranso, chitseko atatseka.

"Waona?" anatero amalume. "Mwiniwake anachotsa kale."

"Anachotsa pochapa, amalume."

"Ndikudziwa chimene anachotsera. Ndine mwana ine?"

Anakhala pa muzu wa mango, chitini chili pamiyendo. Anandiuza kuti gulu linasankha kale wolowa m'malo, msodzi wina wa kumapeto kwa mudzi, bambo wa ana anayi, amene phazi lake silisemphana ndi ng'oma. Abambo ankamukana chifukwa tsiku lina anafika pa gule atavala nsapato zofiira.

"Pa Khirisimasi gulu la ku Nkholongue likubwera kudzapikisana nafe. Kingi wathu adzaime ndi jekete yoyera mbee, ngati wophika m'sitima? Chingwe chotere sudzachipeza ku Metangula, ngakhale ku Lichinga kwako kuja. Za m'sitolo zija ndi zomangira makatani."

Ndinati ndamva. Kenako ndinawapempha kuti andisonyeze mmene mfundo zimayendera, popeza amene ankadziwa anali iwo okha ndi abambo.

"Ukufuna ndikuthandize kukwirira chinthu chathu?"

"Ndinavomera, amalume."

"Unavomera munthu wotentha thupi."

"Ndinavomerabe."

Anaika chitini pansi, pakati pa ine ndi iwo, n'kupita kukakhala ndi amuna anzawo pabwalo. Sanachitenge, ngakhale panalibe amene akanawaletsa.

Ndinatsala pomwepo. Ndinkadziwa kuti amalume akunena zoona. Ndinkadziwanso kuti ndikangokhala chete, abambo alowa m'manda ndi jekete yoyera yosita bwino, ndipo anthu adzati tinawaveka mwaulemu. Ndinayembekeza kuti mumtima mubwere kanthu kondiuza chochita, chisoni kapena mkwiyo. Simunabwere kanthu. Ndinkangomva amayi a kutchalitchi akuyamba nyimbo m'nyumba, ndi wina akufunsa kumene tinaika nkhwangwa. Ndinapita kukamusonyeza. Ndinatumiza uthenga kwa abale a ku Maniamba, ndinakaonana ndi wansembe, tinagwirizana kuti mwambo udzayambe mawa lake dzuwa lili pamutu.

Kutacha ndinatenga jekete, chitini, ndi singano ya mlongo wanga, n'kubwerera pansi pa mango. Nditatukula mkono wa jekete kuloza kumene kumatulukira dzuwa, ndinaona timabowo. Singano ya abambo inkalowa malo omwewo chaka chilichonse, mpaka njira yonse ya mfundo inatsala pansalupo. Ndinayamba kuitsata kuchokera kumapeto kwa mkono. Chingwe chinkakana kugona. Ndinasomola kawiri.

"Wayambira kolakwika."

Amalume anali ataima kumbuyo kwanga, atafunda bulangeti.

"Imayamba ndi mfundo yapakati. Sukulu yonse ija, singano yakukanika?"

Anakhala pansi, anatenga mkono wa jekete n'kuutambasula pa bondo lawo. Ndi chala chachikulu ankagoneka chingwe, ine ndinkalowetsa singano m'timabowo. Pena chinkadutsa pamwamba pa chinzake, pena pansi, ndipo ankandiuza ndi liwu limodzi lokha, "pamwamba," "pansi." M'malo ena ulusi wonyezimira unali utatha, kunatsala thonje lotuwa.

"Usathinitse," anatero. "Soka motalikitsa, kuti pochotsa…"

Sanamalize. Anayang'ana kumbali, kumene anthu ankapala matabwa a bokosi la maliro.

Ndinasoka motalikitsa monga ananenera. Mkono wachiwiri sunativute. Titamaliza m'mapewa ndinadula ulusi ndi mano, ndinabaya singano pa kolala ya malaya anga kuti isasowe, ndipo ndinapita kukapereka jekete kwa amuna osambitsa mtembo. Pobwerera ndinapeza amalume atanyamuka. Chitini chopanda kanthu chija anali atachitenga.