Tsiku Lomwe Ndinakhala Pini

Ndikukumbukira galaja ya abambo anga pa Dedza Boma, ngati dzina loti galaja likuiyenera. Unali mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba yathu, malata anayi pamwamba, kompuresa yotsokomola ngati nkhalamba, ndi fungo la penti limene linalowerera mpaka m'mabulangete. Abambo ankawongola ndi kupenta magalimoto. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo dzina langa la ubatizo, Damiano, linali litayamba kale kuiwalika. Kusukulu ankanditcha Tisinthane, chifukwa ndinkalowa m'kalasi ndi pensulo imodzi n'kuweruka ndili ndi legeni, mabatani atatu ndi mbatata yootcha.

Pakati pa galajayo panali sitandi. Abambo anaipanga okha. Pansi pake panali dilamu ya mabuleki a lole yodzazidwa simenti, yolemera moti amuna awiri ankachita kuigubuduza. Pa dilamupo panaima paipi yaikulu, ndipo m'paipimo munalowa ina yocheperapo, yokhala ndi mkono wachitsulo. Pa mkonowo ankamangirira chitseko cha galimoto ndi mabawuti kuti chilendewere m'malere, osakhudza pansi, osakhudzidwa ndi chala cha munthu. Akatha mbali imodzi ankachitembenuza. Choletsa kuti chisatembenuke chokha inali pini, chitsulo chotalika ngati chikhatho, chosongoka pang'ono, chimene anachipala okha mpaka chinkalowa pa bowo la mapaipiwo n'kuti ndii, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi.

Amayi ankaitcha sitandiyo mkazi mnzawo. "Ine mafuta odzola ndimachita kupempha," ankatero, "koma mkazi mnzangayu girisi tsiku ndi tsiku, madzulo afundidwe saka." Kale abambo ankagwira tizitsulo ting'onoting'ono ndi dzanja lamanzere n'kumapopera ndi lamanja, anthu akuonerera. Sitandi itabwera anasiya zimenezo, ndipo akamapopera ankatithamangitsa tonse, ati fungo la penti limawononga chifuwa. Ine ndinkangoti ndi chitukuko.

Kupenta ku Dedza n'kuba nthawi. M'mawa nkhungu imatsika m'phiri, ukapopera penti imatuwa. Dzuwa likafika pamutu mphepo imadzuka ndi fumbi lake. Nthawi yako ndi kampata kali pakatipo, ndipo mwezi wa Ogasiti kampatako kamachepa ngati nyama ya pa maliro.

Chaka chimenecho ntchito inasowa, poti eni magalimoto anali atayamba kupita nawo ku Lilongwe. Kenako a Twaibu, a sitolo ya m'mbali mwa msewu waukulu, anabweretsa pikapu yawo, imene ng'ombe inaiphwanya chitseko. Penti anagula okha, kachitini kamodzi ka buluu wosakaniza kuti afanane ndi galimotoyo. "A Mbewe," anatero, "chikatuluka bwino, alamu anga ali ndi maminibasi awiri ofuna penti. Lachisanu ndikatuluka ku mzikiti ndichipeze chili pa galimoto." Tonse m'nyumba tinadziwa tanthauzo la mawuwo. Chitseko chimenecho chinali ufa wa chaka chonse.

Pofika Lolemba abambo anali atapenta kale mbali ya mkati, atatembenuza chitseko, atakhoma pini, ndipo mapaipi anawakulunga ndi mapepala kuti asade ndi penti. M'mawa umenewo anati akukaona mnzawo kuchipatala. Ndili pa msewu ndinaona ngolo ya mbatatesi yochokera cha ku Bembeke itaima, mwini wake atagwira m'chiuno. Chitsulo cholumikizira goli ku ngolo chinali chitagwa m'njira. Ndinayang'ana bowolo, mtima wa malonda n'kudumpha. Ndinathamanga, ndinasolola pini, m'malo mwake ndinakhomeramo kamtengo ka paini kopaka girisi, n'kubwezeretsa mapepala bwinobwino.

Nditamuonetsa pini, mwini ngolo uja anayamba ndi mbale ya mbatatesi. Ndinatembenuka ngati ndikupita. Anati mbale ziwiri. Ndinati mbatatesi kwathu timadyetsa nkhumba, pamene kwathu kunalibe nkhumba ngakhale mbatatesi. Ulendo wachitatu anapisa m'thumba n'kutulutsa mpeni wopinda, wa chogwirira chofiira, ati unachokera ku Mozambiki. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwini tawuni. Kanali koyamba kugonjetsa munthu wa ndevu.

Lachiwiri nkhungu itangochoka, kompuresa inalira. Ine ndinali pa khonde, ndikusema kamtengo ndi mpeni wanga. Abambo anali atangomaliza kupopera pamene kamphepo kanadutsa, kosatha kuulutsa ngakhale chipewa. Ndinamva kuti thyo, kenako phwa. Nditasuzumira ndinaona chitseko chitatembenuka, mbali yonyowa itakanirira ku mpanda. Atachikoka, udzu ndi fumbi zinali zitamera pa buluu uja ngati ubweya.

Abambo sanakuwe. Anang'amba mapepala, anatola zidutswa za kamtengo, anazinunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Anakupatsa chiyani?"

Ndinapereka mpeni. Anautsegula, anauyesa pa chala, anaupinda, anandibwezera.

"Wakubera," anatero.

Bola akanandimenya. Amayi anali atathyola kale nthambi ya pichesi, koma abambo anati aisiye. Lachitatu lonse anakhala pansi ndi beseni la madzi ndi sandipepa, akuchotsa penti imene anaipaka okha. Ine ndinazungulira msika wonse kufunafuna mwini ngolo. Sindinadziwe dzina lake, ngakhale mudzi wake. Wamalonda wochenjera safunsa dzina la munthu amene akumudyera masuku pamutu. Madzulo abambo anayesa mabawuti onse a m'galaja pa bowo lija. Aliyense ankasiya kampata, chitseko n'kumagwedera. Ndinafunsa ngati sangapale pini ina. Anangopendeketsa kachitini ka penti n'kuyang'anamo. Yotsala inali ya ulendo umodzi basi.

Lachinayi m'mawa anandimanga kansalu pamphuno. "Bawuti anyamula kulemera," anatero. "Kugwedera ndi kwako. Lero pini ndiwe." Anandigwaditsa kuseri kwa chitseko, manja anga onse awiri atagwira mkono wachitsulo. Chitsulocho chinkazizira mpaka m'mano. Chitseko chinalibe galasi, choncho nkhope yanga inali pa windo penipeni, kuyang'anizana ndi abambo. Ndinali ndisanawaonepo akupopera ndili pafupi chotero.

Ananyamula gani yopoperera ndi dzanja lamanja. Dzanjalo linkanjenjemera. Poyamba ndinati ndi chisanu, koma pamphumi pawo panali thukuta. Kachitini ka pa ganiyo kankalira kuti tyetyetye. Kenako dzanja lamanzere linabwera n'kugwira lamanja pamfundo, ngati mmene mayi amagwirira mwana powoloka msewu. Onse awiri ankanjenjemerabe. Abambo anakoka mpweya, anaugwira, ndipo manjawo anayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere umodzi wowongoka, kubwerera, wina pansi pake. Akafika kumapeto n'kupuma, kunjenjemera kunkayambiranso.

Pamenepo ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. Sitandi sinali chitukuko. Inali dzanja lawo lamanzere, poti lenilenilo linali litapatsidwa ntchito yogwira linzake. Mnzawo wa kuchipatala anali iwo eni. Ndipo pini ina sakanatha kuipala, chifukwa manja amene anapala yoyamba ija analibenso.

"Gwira, iwe. Usayang'ane ine," anatero kuseri kwa nsalu yawo.

Ndinagwira. Atamaliza, mphepo inali itayamba kutekenya mpanda, ndiye anati ndisasiye mpaka penti itagwira. Mapewa anayaka moto. Mamina anatsika, wowapukuta panalibe. Nyerere inakwera mwendo wanga mpaka m'kabudula, ndinaisiya iyende ulendo wake. Abambo anakhala pa chidebe, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Patapita nthawi anayankhula osadzutsa mutu.

"Waona?"

"Eya, abambo."

"Amayi ako akudziwa. Adokotala akudziwa. Wachitatu ndiwe. Anthu akamva kuti Mbewe manja akunjenjemera, palibe adzabweretsa ngakhale wilibala." Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Iwe umagulitsa chilichonse, mwana wanga. Ichi chokha usagulitse."

Lachisanu masana a Twaibu anafika atavala mkanjo woyera. Anazungulira pikapu, anawerama, anayang'ana chitseko chammbali ngati munthu wogula ng'ombe, mpaka anadziona ndevu zawo momwemo. Abambo atalowa m'nyumba kukasamba m'manja, a Twaibu anandikodola n'kutulutsa masiwiti odzaza dzanja.

"Mwana wa a Mbewe, tandiuza. Abambo ako akuonekaoneka kuchipatala masiku ano. Ali bwinobwino? Maminibasi a alamu anga si zoseweretsa."

Sanafunse mwankhanza. Anali munthu wosamala katundu wa abale ake. Koma ine ndinadziwa kuti katundu amene ndinali naye m'kamwa anali wodula kuposa chilichonse chimene ndinagwirapo, ndipo wogula anali ataima patsogolo panga, mtengo uli m'manja. Mapewa anali akuwawabe.

"Amakaona mnzawo," ndinatero. "Koma taonani chitsekochi, bwana. Vuto lilipo ndi lakuti zitseko zinazi tsopano zikuoneka zakale."

Anaseka mpaka kugwira galimoto. "Mwana uyu adzatigulitsa tonse!" Masiwiti anandipatsabe. Ndinalandira, poti kukana zaulere si ulemu.

Maminibasi anabwera. Abambo anapenta kwa zaka zina zinayi, ine nditagwada kuseri kwa zitseko ndi maboneti tsiku lililonse lopanda sukulu, ndipo masiku ena amayi ndiwo ankagwira mkazi mnzawo, osanenanso za girisi. Palibe kasitomala anadziwa. Pamene manja anafika polephera kunyamula kapu ya tiyi, anatseka galaja okha, dzina lawo lili loyera. Pa maliro awo anthu ankati Mbewe anali ndi dzanja losagwedera. Ine ndi amayi tinangoyang'anana.

Lero ndimagulitsa zipangizo zakale za magalimoto mumsika, ndipo amene anagulapo kwa ine akudziwa kuti misozi yanga pa mtengo si yeniyeni. Zinthu zinasintha. Ku Lilongwe ndinaona masitandi a ku fakitale, a mateyala, opindika mbali zonse, ali m'zipinda zotsekedwa zimene mphepo siidziwa khomo lake. Kuno anyamata amangotsamiritsa chitseko pa teyala n'kupopera, fumbi likalowa amati likongoletsa. Sitandi ya abambo ikadali kuseri kwa nyumba ya amayi, dzimbiri lili gwa, nkhuku zikugona pa mkono wake. Ogula zitsulo zakale abwera kangapo ndi sikelo yawo. Amayi amawauza kuti mkazi mnzawo sakwatiwanso.

Chinsinsi chija ndachisunga zaka zonsezi. Lero ndachinena chifukwa mwini wake anagona, ndipo sindinachigulitse, ndachipereka ulere. Koma pini sinabwerere. Ngolo za ng'ombe zikuchepa, mbatatesi zikubwera pa njinga zamoto. Komabe ikadutsa ngolo yochokera cha ku Bembeke, ndimasiya kasitomala ali pakati pa chiganizo, n'kupita kukasuzumira pa goli. Anzanga amati ndazungulira mutu. Mpeni wa chogwirira chofiira ndimayenda nawo m'thumba mpaka lero, wobuntha ngati supuni. Tsiku limene ndidzaione pini ija, ndidzaupereka kwa mwini ngoloyo, n'kumufunsa dzina lake, kenako mtengo. Adzatchule umene akufuna. Sindidzanenerera.